Zala za mwana pa kandulo

Patha mwezi ndikukopera chithunzi chimene anajambula Georges de La Tour, chomwe chili ku Louvre, nyumba yoonetsera zithunzi ku Paris: Yosefe wawerama akuboola thabwa, mwana Yesu atamugwirira kandulo. Penti wa mafuta ndikumuphunzirira pamenepa.

Ndinayamba ndapaka nsalu yonse bulauni wakuda, kenako n'kumapukuta ndi kansanza paliponse pofika kuwala. Nkhope sizinandivute kwenikweni. Koma dzanja la mwanayo! Watchinga lawi, kuwala kukudutsa m'mnofu, zala zili psuu. Ine ndinachulutsa penti woyera, zalazo zinangoti mbuu ngati choko. Zinandipweteka mtima.

Usiku ndinayatsa kandulo n'kuyang'anitsitsa dzanja langa lomwe: kufiira kumakhala m'mphepete, pamene zala zagundana. Penti atauma, ndinapakapo wofiira wopyapyala, wosungunula ndi mafuta a linseed.