Lipoti la ulendo wa komiti ya amayi ku Mzuzu

Tinanyamuka ku Kanengo m'bandakucha Lachinayi: amayi a komiti, bambo a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito) ndi adalaivala. Amene mumati kuzizira kwa ku Mzuzu ndi nkhambakamwa, mufunse amsungichuma, omwe anabwera ndi yunifolomu ya manja aafupi. Titadutsa pa Jenda, pomwe theka la basi linatsika kukagula tomato ngati tikubwerera kale, tinalowa m'chifunga cha ku Chikangawa. Labala ya waipa inathothoka, adalaivala n'kumangapo mpango wa alembi. Oyenda ulendo wina, waipa, magetsi ndi tayala la sipeya zionedwe dzulo lake, ndipo juzi ikhale m'manja, osati pansi pa katundu.

Ku Luwinga anzathu anatilandira ndi nthungululu, kenaka anafunsa kuti alankhule ndani m'malo mwa alendo. Kunangoti zii. Atcheya anayang'ana achiwiri awo, achiwiri anayang'ana pansi, mapeto ake maso onse anagwera kwa bambo a HR. Bambowo atayamba kukonza tayi, atcheya a kumeneko anakweza dzanja. "Amayi anzanga, mwayenda mtunda wonsewu kudzaphunzira utsogoleri wa amayi, ndiye akulankhulireni abambo?" Holo yonse inafa ndi phwete. Anatipulumutsa ndi chemwali wathu wa ku sitolo ya katundu, uja sayankhula pa misonkhano. Anaimirira, nafotokoza mbiri ya komiti popanda pepala. Madzulo kogona nkhaniyi inabuka. Atcheya ankati anali atasasa mawu chifukwa cha chisanu, achiwiri ankati sanauzidwe, alembi ankati ntchito yawo ndi kulemba. Tinagwirizana kuti wolankhula azisankhidwa basi isananyamuke, ndipo dzina lake lizilowa m'maminitsi.

Za maphunziro, anatikumbutsa kuti lamulo loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi, Gender Equality Act ya 2013, limati polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, asapitirirenso 60, komanso kuti, malinga ndi lamulo la ntchito la Employment Act, tchuthi cha uchembere ndi masabata osachepera 8 ndi malipiro onse. Koma chimene chinatigwira mtima ndi kalata yogwirizira udindo. Supavaiza akapita ku tchuthi, womugwirizira amapatsidwa kalata yosainidwa, yotchula tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo kope lake limalowa m'faelo. Popanda kalatayo mayi amayang'anira anzake miyezi itatu mwapakamwa, tsiku la intaviyu n'kuuzidwa kuti sanatsogolerepo anthu. Ogwirizira amasinthana potsata ndandanda, kuti mwayi usamangogwera omwa nawo tiyi abwana. Misonkhano ya akuluakulu anaichotsa madzulo n'kuiika m'mawa, chifukwa amayi othamangira ana ndi njinga za ku Mchengautuwa ankaiphonya. Bokosi la madandaulo a nkhanza analisuntha pakhomo la abwana, pomwe aliyense ankaoneka akuponya, n'kuliika panjira ya kuchimbudzi cha amayi. Lili ndi maloko awiri, makiyi ali ndi anthu awiri.

Nkhomaliro inali kondowole ndi batala wa ku Nkhata Bay. Anatichenjeza kuti tinyowetse dzanja, titeme kambamu kakang'ono, timeze osatafuna. Amayi a ku akaunti sanamvere, ndipo anakhala chete nthawi yaitali koposa chiyambire komiti ino. Eni mudzi anatinyadira kuti sipikala woyamba wamkazi, mayi Catherine Gotani Hara, wosankhidwa mu 2019, ndi wa ku Mzimba. Ife tinabweza ndi mayi Joyce Banda ndi chaka cha 2012, ngakhale pakati pathu panalibe ndi mmodzi yemwe wa ku Zomba.

Tikuthokoza anzathu a ku Luwinga, adalaivala, ndi bambo a HR omwe anapirira chipongwe chathu mpaka pa Kasungu. Alembi, mpango wanu udzagulidwa ndi thumba la komiti. Amene simunapereke malisiti, amsungichuma akudikira mpaka Lachisanu, ndipo achira chimfine.