Kusowa tulo ndi kukhumudwa: chimayamba n'chiti?

Munthu amene tulo timamuthawa nthawi zambiri amakhalanso wokhumudwa. Chosautsa n'chakuti kodi chimakoka chinzake n'chiti, kapena ziwirizi zimangokokerana? Kufunsa anthu kamodzi sikungayankhe zimenezi. Pamafunika kubwerera kwa anthu omwewo kangapo, ndipo apa ndi pamene masamu ake amayamba kuterera.

Tiyerekeze kuti tayeza anthu 600 katatu, motalikirana miyezi 6. Za tulo tafunsa ndi fomu yotchedwa Insomnia Severity Index, ya mafunso 7 ndi mapointi 0 mpaka 28. Za kukhumudwa tafunsa ndi fomu ya PHQ-9, ya mafunso 9 ndi mapointi 0 mpaka 27. Musanayatse n'komwe kompyuta, yang'anani funso lachitatu la PHQ-9: likufunsa za tulo. Mukalisiya momwemo, ndiye kuti mwayeza tulo mbali zonse ziwiri, ndipo ubale umene mupeze udzakula pachabe. Lichotseni, kapena werengerani kawiri, lilipo ndi palibe, muone ngati yankho likusintha.

Njira yakale imatchedwa cross-lagged panel model, mwachidule CLPM. Imajambulidwa ndi mivi. Muvi wina umachoka pa tulo ta ulendo woyamba woyeza kupita pa tulo ta ulendo wachiwiri, wina chimodzimodzi pa kukhumudwa. Kenako pali mivi iwiri yopingasa: wa tulo kupita ku kukhumudwa kwa mtsogolo, ndi wa kukhumudwa kupita ku tulo ta mtsogolo. Kwa zaka zambiri anthu ankangoona muvi wopingasa wokulirapo n'kunena kuti gwero lapezeka.

Mu 2015 Ellen Hamaker wa ku yunivesite ya Utrecht, pamodzi ndi Rebecca Kuiper ndi Raoul Grasman, anaonetsa pamene njirayi imaphonya. CLPM imaganiza kuti anthu onse amakwera ndi kutsika mozungulira avereji imodzi ya gulu lonse. Koma anthu sali choncho. Alipo amene chikhalire amagona movutikira ndipo mtima wawo umakhala pansi chaka chonse. Alipo amene amangoti kugona, n'kudzuka osangalala. Mwina mwa onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene kukhumudwa kwake kumasintha tulo take tikasintha. Komabe poti kusiyana kwa anthu kokhazikika kulibe poti kulowe, kumadzipanikiza m'mivi ija. Muvi wopingasa ungaoneke pomwe palibe kanthu, ungaloze kuti chokoka ndi tulo pamene chili kukhumudwa, ngakhale kutembenuka chizindikiro kumene.

Mankhwala amene anapereka ndi random intercept cross-lagged panel model, mwachidule RI-CLPM. Munthu aliyense amapatsidwa mlingo wakewake wokhazikika, wotchedwa random intercept, wina wa tulo wina wa kukhumudwa. Mivi imajambulidwa pa zotsalira zokha, kutanthauza mmene munthu wapatukira pa chizolowezi chake. Funso lasanduka lina: munthu uyu akagona moipa kuposa mmene amagonera masiku onse, kodi ulendo wotsatira amakhumudwa kuposa mmene amakhalira?

Mu pulogalamu ya R, pogwiritsa ntchito phukusi lake lotchedwa lavaan, yambani ndi kuyala data kuti munthu mmodzi akhale pa mzere umodzi. Pangani ma random intercept awiri, ndipo ma loading ake onse (manambala owalumikiza ndi miyezo) muwakhomere pa 1. Pa muyezo uliwonse, tulo katatu ndi kukhumudwa katatu, pangani latent variable yakeyake (chinthu chosayezedwa mwachindunji choimira zotsalira zija), nayonso loading 1, ndipo residual variance (kusiyana kotsala kosafotokozedwa) ya muyezo weniweniwo muikhomere pa 0. Mivi ikhale pakati pa ma latent 6 amenewa. Ma intercept awiri aloleni agwirizane, zotsalira za ulendo umodzi nazonso zigwirizane. Pamene ambiri amagwa ndi apa: ubale wa intercept ndi zotsalira za ulendo woyamba uyenera kukhala 0, koma lamulo la sem() la m'phukusili limauwonjezera lokha osakuuzani. Lembani 0 ndi dzanja lanu, kapena gwiritsani lamulo la lavaan() limene siliwonjezera zotere. Amene anajomba ulendo wina musawataye. FIML, njira yowerengera pamene mayankho ena akusowa, imagwiritsa zomwe anayankha. Ndipo poti pa PHQ-9 anthu ambiri amaunjikana pafupi ndi 0, sankhani njira yowerengera (estimator) ya MLR, imene imapirira data yopendekeka chonchi.

Maulendo awiri sakwanira. Atatu ndiwo ochepetsetsa, ndipo amakusiyirani degree of freedom imodzi yokha, kutanthauza mpata wochepa kwambiri woyesera ngati model ikukwana, kotero model ikaoneka yokwana bwino musadzitame nayo. Anayi kapena asanu ndiwo amathandiza. Zikachepa, variance (kukula kwa kusiyana pakati pa anthu) ya intercept nthawi zina imatuluka pansi pa 0, chinthu chosatheka, kapena kompyuta imalephera kufika pa yankho. Yembekezeraninso kuti ma standard error (muyezo wa kukayikitsa kwa yankho) akula kuposa a CLPM. Muvi umene unali wooneka ukazimirira, sikuti basi ubale kulibe; mwina anthu kapena maulendo achepa.

Ngakhale zonsezi zitakhala bwino, mtunda wa pakati pa maulendo ndiwo umalamula. Gollob ndi Reichardt anachenjeza za zimenezi kale mu 1987. Usiku woipa umaonekera pa nkhope m'mawa mwake, ndipo PHQ-9 imafunsa za masabata awiri apitawo. Nanga muvi wa miyezi 6 ukugwira chiyani? Ofufuza awiri, wina woyeza sabata iliyonse wina chaka chilichonse, angapeze mayankho osiyana popanda wolakwa. Ngati mitunda yanu ndi yosafanana, mwina miyezi 3 kenako 12, musakakamize mivi kuti ikhale yofanana. Phukusi la ctsem linapangidwira zoterezi.

RI-CLPM imachotsa zosokoneza zokhazikika zokha. Maliro, kutha kwa ntchito, kukhala ndi pakati, msana wopweteka, zimenezi zimabwera pakati pa maulendo n'kugunda tulo ndi mtima limodzi, ndipo ngati simunazifunse, muvi udzanyamula mlandu wawo.

Si onse anataya CLPM. Ulrich Orth ndi anzake, amene afufuza kwambiri za kudziona wachabechabe ndi kukhumudwa, amati mafunso ena ndi ofanizira anthu: kodi amene akugona moipa kuposa anzawo lero ndiwo adzakhumudwe kuposa anzawo mtsogolo? Wokonza zopima anthu pachipatala funso limeneli limamukhudza, ndipo mfundoyo ili ndi mutu. Koma dokotala amene akufuna kudziwa ngati kukonza tulo ta wodwala wake kungamupepuze mtima akufunsa za mkati mwa munthu mmodzi, ndipo nambala ya CLPM siyankha zimenezo.