Tikugulitsa usipa n'kumagula gondolosi

Kuno ku Mangochi banja likatha chaka popanda mphatso, maso onse amapita pamimba pa mkazi. Apongozi amayamba kufunsa mozungulira, amayi anzake kumjigo amanong'onezana, ndipo ena opanda chisoni amafika ponena kuti akungodzaza chimbudzi. Mwamuna safunsidwa kanthu. Abale akamuitanira pambali n'kuti akumuuza kuti apeze mkazi wina. Ine ndimagulitsa nsomba zouma, komanso ndimaitanidwa kukalangiza atsikana ukwati ukayandikira, choncho nkhani zoterezi zimandipeza pamsika ndi kuchilangizo komwe. Zimandipweteka kwambiri. Mwa mabanja amene akuvutika kupeza mwana, pafupifupi theka vuto limakhala likukhudzanso mwamuna. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pamoyo wake. Chimanga chikakana kumera, mlimi amayang'ana nthaka ndi mbewu yomwe.

Lero ndikufuna tikambe za mbale, ya mayi ndi ya bambo. Chakudya pachokha sichipereka mwana, zimenezo ndizinena bwino kutsogoloku. Koma ndi mbali imene ili m'manja mwathu, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi mwayi umene anzathu akumtunda amachita kuugula modula.

Mbewu ya abambo sipangidwa usiku umodzi. Kuti iyambike mpaka kukhwima pamatenga masiku pafupifupi 74, kenaka imafunanso masiku ena kuti ikonzeke kutuluka. Ndiye kuti zimene bambo akudya, kumwa ndi kusuta lero zidzaoneka mu mbewu yake pakatha miyezi itatu. Ngakhale kutentha thupi kumawerengedwa: bambo akagwidwa ndi malungo aakulu mu Januwale, mbewu yake imatha kuchepa mpaka cha mu Epulo, kenaka n'kubwereranso. Kwa mayi n'kosiyana. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, oposa 1 miliyoni, ndipo thupi silipanganso ena. Koma dzira limene likutuluka mwezi uno linayamba kukhwima miyezi ingapo yapitayo, likudya kuchokera m'magazi a mwini wake. N'chifukwa chake ndimauza atsikana kuchilangizo kuti kukonzekera mwana kumayamba pathupi pasanabwere, ndipo kumakhudza anthu awiri.

Pitani ku doko la Makawa kapena Msaka m'mamawa, asodzi a chilimira akamakocheza. Usipa umatsika m'boti ukunyezimira, ife amalonda tili pamzere ndi ndowa zathu, kukanganirana mtengo. Pofika masana wayanikidwa pathandala, wina wafutsidwa, ndipo pakangopita masiku ochepa uli m'matumba pagalimoto, ulendo wa ku Limbe ndi ku Lilongwe. Tsono yang'anani mnyamata amene wagwira usipawo usiku wonse. Walandira ndalama zake, wakhala pa tiyirumu, tiyi wa shuga masupuni anayi ndi mandasi. Masana ali pachiwaya, tchipisi chokazingidwa m'mafuta akuda amene aphikiridwa kambirimbiri. Ndudu ili pakamwa. Madzulo kwa ena ndi kachasu. Akamapita kunyumba amagula kamtolo ka gondolosi n'kumatafuna m'njira, kapena kabotolo ka mankhwala a mphamvu kwa ogulitsa oyendayenda. Kunyumbako mkazi wadya nsima ya ufa woyera ndi therere, chifukwa nsomba zonse zapita kumalonda.

Chimene chakwera galimotocho ndicho thupi la awiriwa likusowa. Ubwino wa usipa, bonya ndi matemba ndi wakuti timadya zonse, mutu, minga ndi zam'kati momwe. Mmenemo muli ayironi, zinc, calcium, vitamini B12, selenium ndi mafuta abwino a nsomba aja amati omega-3. Chambo n'chokoma, sindikutsutsa, koma timangodya mnofu, zina zonse n'kutaya. Mayi wina wa kutauni anandipempha kuti ndimudulire mitu ya usipa asananyamule, ati ana ake amanyansidwa nayo. Ndinamuuza kuti, "Mayi, mukusiya chakudya pansi apa. Ngati akukana mitu, kausinjeni mukathire m'ndiwo zamasamba kapena m'phala." Zinc ndi wofunika kuti mbewu ya abambo ipangike, ndipo umuna umakhala naye wambiri. Selenium amathandiza kuti mbewuyo iziyenda bwino, koma nthaka ya madera ambiri m'Malawi muno ili naye wochepa, choncho chimanga chathunso chimakhala naye wochepa. Kafukufuku wa boma wa za michere m'thupi wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse, abambo ndi amayi omwe, anali ndi zinc wosakwanira. Nsima yokha singatseke mpata umenewu. Mgaiwa ukuposa ufa woyera chifukwa mtima wa chimanga ndi gaga zimakhala momwemo, koma nawonso umafuna kuperekezedwa ndi kansomba, dzira, kanyama ka mbuzi, nyemba, khobwe, nandolo kapena nsinjiro. Nthanga za maungu, zimene timangomwaza kuseri kwa nyumba, mukazikazinga ndi kamchere zili ndi zinc wambiri.

Za gondolosi ndinene mosabisa. Chilakolako ndi mbewu n'zosiyana. Bambo akhoza kukhala wamphamvu kuchipinda, mkazi wake osadandaula chilichonse, koma mbewu yake ili yochepa kapena yosayenda. Winanso akhoza kukhala wofatsa, ana ali mbwee. Zimenezi sizioneka ndi maso, zimaoneka pamakina kuchipatala. Ngakhale mapiritsi odula a m'mafamase asatinamize. Ku America mu 2020 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu amene abambo ena anapatsidwa mapiritsi a zinc ndi folic acid kwa miyezi 6, ndipo ana obadwa sanachuluke kuposa kwa amene sanamwe. Thupi limafuna kudya kwabwino kwa tsiku ndi tsiku, ndi kusiya zimene zikuliwononga. Fodya amachepetsa mbewu ndi kuiwononga, chamba chimodzimodzi, mowa wambiri umatsitsa mphamvu yachimuna. Utsi wa fodya umapwetekanso mazira a mayi amene akugona m'chipinda chomwecho.

Kwa amayi nkhani yaikulu ndi magazi. Kafukufuku wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a msinkhu wobereka m'dziko muno anali ndi magazi ochepa. Mwezi ndi mwezi timataya magazi, malungo amatenga ena, njoka za m'mimba ndi likodzo zimatenganso. Mayi wolowa m'pathupi magazi ali ochepa kale amavutika, ndipo mwana amatha kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo. Ayironi wa mu nsomba ndi nyama amalowa m'thupi mosavuta. Wa m'masamba ndi nyemba amafuna mnzake, vitamini C. Apa ndipo Mulungu anatikondera, chifukwa milambe ili ponseponse kuchokera ku boma mpaka ku Monkey Bay, ndipo malambe ali ndi vitamini C wochuluka. Magwafa, mapapaya, mango m'nyengo yake, ngakhale kandimu kofinyira m'ndiwo, zonsezi zimagwira ntchito yomweyo. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi. Amene mumakonda kutsitsira nsima ndi tiyi, dikirani papite ola limodzi.

Kaphikidwe kathu ka masamba kamandidandaulitsa. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chitambe, khwanya, zonsezi zili ndi folate, vitamini amene thupi limagwiritsa ntchito popanga maselo atsopano. Koma folate sachedwa kuwonongeka pamoto. Ife timathira madzi ambiri, timathira soda kuti zifewe msanga, timaphika mpaka masamba asanduke akuda, kenaka madzi aja n'kukhetsa. Chimatsala ndi dzina chabe. Madzi akhale ochepa, moto wa kanthawi, mphika wovindikira, soda ayi, ndipo masamba atsike akadali obiriwira. Mukatendera kapena kudontheza timafuta, vitamini A wa m'masambamo amalowa bwino m'thupi. Potendera sankhani mtedza. Wachuku, wofota ndi wowawa uja tayani, musaupititse ku nsinjiro poganiza kuti ukasinjidwa suoneka, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo safa ndi moto wa kukhitchini.

Pali chinthu chimodzi chimene mbale siikwanitsa bwinobwino, ndipo ndimachibwereza pa chilangizo chilichonse. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba ngati kanjira kamene kamatsekeka pofika tsiku la 28 pathupi pangoyamba. Nthawi imeneyo amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Folate akachepa m'masiku amenewo mwana amatha kubadwa ndi msana wotseguka. N'chifukwa chake azaumoyo amalangiza mayi amene akufuna mwana kuti azimwa folic acid, amene ndi folate wa m'mapiritsi, wokwana mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse asanatenge pathupi, ndi kupitiriza miyezi itatu yoyambirira. Koma mwambo wathu ndi wobisa mimba mpaka ioneke, poopa anthu oipa, ndipo kusikelo timakayamba pa miyezi isanu. Mapiritsi a magazi amene timalandira kumeneko ndi othandiza, koma pa nkhani ya msanayi amakhala afika mochedwa. Bisirani anzanu akumjigo ngati mukufuna, koma anamwino musawabisire. Pitani mukanene kuti mukukonzekera mwana. Mchere gulani wa m'paketi wokhala ndi ayodini. Ndipo zoti mayi woyembekezera akadya mazira mwana amabadwa wopanda tsitsi n'zabodza, idyani mazira ophika bwino.

Thupi likaonda kwambiri, monga zimachitikira ena m'miyezi ya njala, msambo umatha kusokonekera kapena kusiya, chifukwa thupi limaona kuti silingasenze mwana. Kunenepa kwambiri nakonso, kumene timakutcha kupeza bwino, kuli ndi mavuto ake. Mayi amene amadumphitsa miyezi osapita kumwezi, akunenepa, tsitsi likumera pachibwano, akaonane ndi adokotala, chifukwa nthawi zambiri mazira ake sakutuluka mwezi ndi mwezi, ndipo kutsitsako thupi pang'ono chabe kumathandiza ambiri. Abambo a mimba zazikulu adziwe kuti mafuta a pamimbawo amatsitsa mphamvu yachimuna, ndipo matenda a shuga amafooketsa kuchipinda. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimene tikumwa ngati madzi chifukwa cha kutentha kwa kuno zikuthandizira zimenezi. Thobwa wosathira shuga wambiri ndi madzi a malambe n'zabwino kuposa pamenepo.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa iyi ndi nkhani ya kwathu kuno. Amuna ambiri a ku Mangochi ali ku Joni. Amabwera mu Disembala, amakhala masabata ochepa, n'kubwerera. Pa mwezi wonse masiku amene mayi angatenge pathupi ndi pafupifupi 6 okha. Mwamuna akafika masikuwo atadutsa, palibe usipa kapena mankhwala amene angachite kanthu. Komabe pakatha zaka zitatu abale amawerenga zaka za ukwati n'kuyamba kuloza mkazi chala. Ankhoswe, muziyamba mwawerenga masiku amene awiriwo agona nyumba imodzi.

Nyanja yomweyi imene imatipatsa usipa imatipatsanso likodzo, ndipo apa ndi pamene chakudya chimathera mphamvu. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu tikamasamba, kuchapa kapena kukoka makoka. Timaikira mazira m'chikhodzodzo, komanso m'njira ya chiberekero ndi m'machubu a amayi, mmene timasiya zilonda ndi zipsera. Mayi amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi mwamuna, amataya timagazi, amatuluka zoipa, ndipo kawirikawiri zimatengedwa ngati matenda opatsirana pogonana, banja n'kuyambana. Ofufuza atayeza asodzi a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene ana amalandira kusukulu, koma akuluakulu timaiwala kuti nafenso timalowa m'madzi omwewo. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana akapanda kuchizidwa bwino amatsekanso machubu a mayi ndi njira za mbewu za bambo. Chubu chotsekeka sichitseguka ndi bonongwe.

Mlongo wanga wamng'ono ndi msodzi. Iye ndi mkazi wake anakhala nthawi yaitali opanda mwana, ndipo mlamu wangayo anamwetsedwa mizu ya mitundumitundu mpaka m'mimba munayamba kumupweteka. Tsiku lina ndinamupeza mlongo wangayo akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndinakhala naye pansi. Ndinati, "Achimwene, alamu amwa zokwanira. Nanga inu munayezetsapo?" Anayankha osandiyang'ana, "Achemwali, ine ndili bwinobwino, afunseni eni akewo." Ndinamukumbutsa kuti kuyambira ali mnyamata ankakodza magazi, ndipo tonse tinkati ndi kukula. Anakhala chete, singano ili m'manja. Ndinamufotokozera kuti lamulo la azaumoyo ndi lakuti banja likatha miyezi 12 likukhalira limodzi popanda kulera ndipo pathupi osabwera, apite onse awiri, ndipo ngati mayi wafika zaka 35 asadikire kupitirira miyezi 6. Ndinamuuzanso kuti kuyeza kwa bambo n'kosavuta kuposa kwa mayi, amangopereka umuna m'kabotolo, palibe jakisoni kapena mpeni.

Anapita onse awiri. Likodzo linapezeka mwa onse, mbewu yake inali yochepa, ndipo mlamu wanga anali ndi magazi ochepa. Analandira mankhwala, mizu ija anaisiya, ndipo adokotala anauza mlongo wangayo kuti adzayezetsenso pakatha miyezi itatu. Fodya akulimbana naye, masiku ena amagonja, koma wachepetsa kwambiri. Akakocheza m'mamawa amayamba wapatula chigoba cha usipa wapanyumba asanatigulitse ife amalonda, ndipo ineyo, ngakhale ndine mlongo wake, chigoba chimenecho amandikaniza.