Ulendo wa gulu lathu la alembi ku Bangula: tinakakambirana za nkhani zazifupi

Anzathu olemba nkhani a ku Nsanje anaitana gulu lathu la ku Blantyre kuti tikawerengerane nkhani zazifupi ndi kukambirana kamangidwe kake. Inu amene munatsala, nazi zomwe zinachitika.

Tinanyamuka mbandakucha pa minibasi, kutsata msewu wa M1. Potsetsereka phiri kulowera ku Thabwa, majuzi onse anali atavulidwa. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Dyeratu, minda ya nzimbe ya ku Nchalo, pa Ngabu, mpaka tinafika pa Bangula dzuwa lili paliwombo. Anatilandirira m'kalasi ya pasukulu ina yasekondale. Gulu lawo ndi losakanikirana kuposa lathu: muli aphunzitsi, ophunzira a Fomu 3 ndi 4, alimi a thonje, ndiponso mayi wina wogulitsa nsomba pamsika. Ambiri kunyumba amayankhula Chisena, ena Chimang'anja, koma nkhani zawo amalemba m'Chichewa.

Mphunzitsi amene ankatsogolera zokambirana anayamba ndi kulemba pa bolodi zimene tonse tinaloweza kusukulu: apangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa zochitika, kusamvana, mfotokozankhani ndi mfundo yaikulu. Sanachedwepo. Anati mayinawa aliyense amawadziwa, tiyeni timve nkhani zenizenizo.

Woyamba kuwerenga anali mnzathu wa ku Blantyre. Nkhani yake inali ya madzi osefukira: madzi afika usiku, mayi ndi ana ake akwera mumtengo, m'mawa bwato libwera kudzawapulumutsa. Chichewa chake chinali chokoma ndipo tinamuombera m'manja. Kenaka mayi wa nsomba uja anakweza dzanja.

"Achimwene, mwalemba bwino. Koma mayi ameneyu, madzi asanabwere, ankafuna chiyani pamoyo wake?"

M'kalasi munati zii. Funso limeneli ndi limene linatenga masana onse, ndipo kwa ine ndilo linali phindu la ulendo wonse. Mayiwo anafotokoza kuti m'nkhaniyo amene akuchita zinthu ndi madzi okha. Munthu akungochitiridwa: wathamangitsidwa, wakwezedwa mumtengo, wapulumutsidwa. Palibe pamene akusankha kanthu. Owerenga angamumvere chisoni, koma sangamudziwe. Mphunzitsi anawonjezera kuti mpangankhani wamkulu ayenera kukhala ndi chinthu chimodzi chimene mtima wake ukufunitsitsa, ndiponso china chomutchinga. Pamene ziwirizi zagundana ndi pamene pabadwa kusamvana, ndipo tsatanetsatane yense amayenda kuchokera pamenepo. Popanda zimenezi, wolemba wangofotokoza ngozi, monga imachitira wailesi.

Anthu a kuchigwa ali ndi ufulu wonena zimenezi. Madzi anawasesa mu Januwale 2015, anabweranso ndi namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ife akumtunda timawaona pa zithunzi ali m'misasa, n'kumadabwa kuti amabwereranji kumadzi. Mtsikana wa Fomu 4 anatiyankha ndi nkhani yake.

Nkhaniyo ndi ya bambo ndi mayi amene akhala pamsasa, ndipo auzidwa kuti asamukire kumtunda. Mayi akufuna kusamuka, chifukwa watopa ndi kuthawa usiku mwana ali kumsana, komanso sukulu ili pafupi kumtundako. Bambo akufuna kubwerera kutsidya. Kumeneko kuli dimba lake, ndipo madzi akaphwa amasiya dothi lachonde limene limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, pamene kumtunda nthaka ili gwa. Kumeneko kulinso manda a makolo ake. Onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake sitinathe kupuma bwino pomvera. Zonse zikuchitika madzulo amodzi, padooko, akudikira bwato. Palibe mbiri ya ubwana wa bamboyo, palibe za ukwati wawo. Bwato likuoneka patali, likuyandikira, likufika, ndipo pachimake pa nkhani ndi pamene wopalasa afunsa kuti okwera ndi angati.

Tinakambirana kwambiri za mfotokozankhani. Mtsikanayo anasankha kuti nkhaniyo isimbidwe ndi mwana wa banjalo, amene sakumvetsa zonse zimene makolo ake akukanganirana. Mwanayo akungoona kuti bambo agwiritsitsa khasu, ndipo mayi amanga ndalama pansonga ya chitenje osawauza bambo. Owerenga ndiye amamvetsa zimene mwanayo sakumvetsa. Nkhaniyo ikanasimbidwa ndi bambo, tikanakhala mbali yawo. Ikanasimbidwa ndi mayi, chimodzimodzi. Kusankha wosimba ndi kusankha zimene owerenga aloledwe kudziwa, ndipo ambiri a ife timangoyamba ndi "ine" kapena "iye" osaganizirapo n'komwe.

M'mawa mwake anatitengera kufupi ndi Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Kuyambira pamene madzi anakokolola njira mu 1997, anthu opita tsidya la kum'mawa, cha ku Makhanga, akhala akudalira mabwato. Tinaona njinga, matumba a mapira ndi mbuzi zikukwezedwa m'bwato, ndipo tinamvetsa kuti dooko la m'nkhani ya mtsikana uja silinali lokongoletsera chabe. Mutaichotsa nkhaniyo padookopo n'kuiika pa depoti ya mabasi ku Limbe, yafa. Mphunzitsi anatiuza pomwepo kuti malo a m'nkhani azigwira ntchito: aziwapanikiza anthu, aziwakakamiza kusankha. Anatinso tisamalembe kuti "kunali kotentha kwambiri". Tizilemba za anthu ogona panja pamphasa mu Okutobala, kapena mlimi amene akuweruka kumunda ena akudzuka kumene.

Pa za mathero sitinagwirizane, ndipo sindibisa mbali yanga. Nkhani ya mtsikanayo ikutha wopalasa akudikira yankho. Ena mwa ife anati yatha mwaumbombo, owerenga ayenera kuuzidwa ngati bambo anakwera, ndiponso phunziro lake n'lotani. Madzulo agogo ena a m'mudzimo anatisimbira nthano, ife n'kumavomera kuti "tili tonse", ndipo pomaliza ananena phunziro lake poyera. Anzathu aja anati si izi, nkhani izitha chonchi. Ine ndikuti nthano ndi nkhani yaifupi ndi pachibale, koma aliyense ali ndi khomo lake. Nthano imasimbidwa pakamwa, kwa ana ndi akulu pamodzi, ndipo wosimba ali pomwepo kuti amange mfundo. Nkhani yolembedwa imakumana ndi munthu ali yekha, ali ndi mpata wobwerera m'mbuyo n'kuganiza. Mfundo yaikulu ya mtsikana uja, yakuti kusiya malo amene akukudyetsa n'kopweteka ngakhale malowo atakuphera abale, ili kale m'khasu ndi m'chitenje chija. Akanainena poyera akanaichepetsa.

Panabukanso funso lakuti apangankhani a Chisena aziyankhula chiyankhulo chanji m'nkhani ya Chichewa. Ambiri anati moni, maitanidwe a pachibale ndi mawu a mkwiyo zizisiyidwa m'Chisena, bola owerenga athe kutsata kuchokera pa zimene zikuchitika.

Tisanabwerere tinapangana ntchito. Aliyense, wa ku Blantyre ndi wa ku Nsanje yemwe, alembe nkhani yosapitirira masamba anayi, ya mpangankhani wamkulu mmodzi, wofuna chinthu chimodzi, pa malo amene wolembayo amawadziwa ndi mapazi ake, ndipo zonse zichitike tsiku limodzi. Nkhanizi tizitumizirana pa WhatsApp, ndipo aliyense awerenge ya mnzake wa gulu linalo. Ulendo wotsatira anzathuwo ndiwo adzakwere phiri kubwera kuno, choncho amene muli ndi malo ogona alendo muuze mlembi wa gulu msanga.