Loweruka pa Ntcheu: bandi yathu yabwera itameta

Kwacha ndi chisanu cha mu Julaye chija cholowa m'mafupa, nkhungu itakuta phiri mpaka dzuwa litakwera ndithu. M'mawa wonse ndinali pamsika kuthandiza alamu anga kutsitsa matumba a kachewere ochokera ku Tsangano, ndipo nkhani pakamwa pa aliyense, kuyambira anyamata a kabaza mpaka amayi a tomato, inali imodzi: bandi ija ikuimba masana ano pa boma pompano. Dzina lake sinditchula poti zina zomwe ndilembe pano si zoyamikira. Ingodziwani kuti ndi imodzi mwa mabandi a rege amene nyimbo zawo zinkalira m'minibasi iliyonse ya pa M1, kuchokera pa Chingeni mpaka pa Lizulu, kondakitala akuimba nawo uku akuwerenga chenje.

Ndinapita ndi anthu awiri: malume anga, amene makaseti a bandiyi akusungabe m'katoni ngakhale wailesi yoimbira makasetiwo inafa kalekale, ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Fomu 4 amene foni sichoka m'manja mwake. Malume anavala chipewa chawo choluka cha mitundu itatu chija, chofiira, chachikasu ndi chobiriwira. Amachivala pa zinthu zikuluzikulu zokha.

Chodabwitsa choyamba chinali pa nsanja, oyimba asanatulukire n'komwe. Ng'oma zinalipo, bezi gitala inalipo, kiyibodi imodzi. Koma pamalo pomwe kale pankaima anyamata a malipenga ndi wa gitala yachiwiri panali tebulo, patebulopo laputopu. Malume anailoza ndi mlomo, osanena kanthu.

Kenako anatulukira mtsogoleri wa bandi. Anthu anayamba kuimba malikhweru, koma malikhweruwo anadukira pakati. Madiredi aja ofika m'chiuno kulibe. Mutu wametedwa m'mbali, pamwamba papakidwa mtundu wa golide, magalasi akuda, jekete yonyezimira, buluku lothina. Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa mokweza kuti, "Kodi ameneyu ndi iyeyo kapena ndi mwana wake?" Anthu anafa nacho chiseko.

Nyimbo zitatu zoyambirira zinali za chimbale chatsopano, zonse m'kamvekedwe ka amapiano, kaja kanachokera m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg, kokhala ndi bezi yogunda ngati munthu akumenya mgolo wopanda kanthu. Kutsogolo achinyamata anakweza mafoni m'mwamba. Kumbuyo madala anapinda manja pachifuwa. Pakatikati panatsala bwalo la fumbi lopanda munthu, ndipo ndinaona woimbayo akuliyang'ana bwalolo kangapo konse.

Zinafika povuta pa nyimbo yachinayi. Anayamba nyimbo yawo yakale, ija aliyense pa Ntcheu pano amaidziwa mawu ake onse, koma ataiveka ng'oma zatsopano, yothamanga, ndime zina atadula. Anthu akumbuyo aja atangoizindikira anayamba kuiimba, koma pa liwiro lakale, mwapang'onopang'ono, ndime zodulidwa zija akuzibwezeramo. Ndiye tangoganizani: masipika akuthamanga, khamu likukoka m'mbuyo, woimba ali pakati sakudziwa kuti atsate ndani. Wa ng'oma anayesa kuchepetsa liwiro kuti akumane ndi anthu, koma laputopu simva. Imapita momwe anaiuzira ku situdiyo. Panali kukuwiza, ena akukuwa kuti "Tibwezereni zathu!", bambo wina anaponya chipewa chake pansi ndi kuchitolanso yekha. Mabotolo sanaponyedwe, tiyamike pamenepo.

Malume anati, "Mphwanga, tiye tikadye chipisi. Izi si zimene ndalipirira."

Pachiwaya paja ndi pomwe panali msonkhano weniweni. Aliyense ndi mlandu wake. Wina akuti bandi yagulitsa chikhulupiriro, wina akuti alodzedwa ndi ndalama za ku Joni, wina akuti vuto ndi mamenejala achinyamata. Malume anatenga mpando wa tcheyamani. Anati taonani a Black Missionaries a ku Chileka: Evison Matafale anamwalira mu 2001, koma anzake anapitiriza zimbale za Kuimba osasintha njira, ndipo mpaka lero anthu amadzaza malo akamva kuti Mablacks abwera. Munthu ukapeza njira yako umaisunga, anatero.

Apa m'dala wina wogulitsa mazira owiritsa, wamkulu kuposa malume, anaseka. Anati inu ana mwaiwala. Pomwe maimbidwe a ku Balaka ankabwera ndi makiyibodi awo, akuluakulu a nthawi imeneyo, ozolowera banjo ya Allan Namoko ndi magitala a abale a kwa Kachamba, ankati zimenezo si nyimbo, n'zoseweretsa za ana. Alleluya Band, yomwe Paul Banda anayambitsa pa parishi ya Katolika ku Balaka mu 1978, inali ya anyamata. Lucius Banda, amene tinamulira dziko lonse mu 2024, nayenso pa nthawi ina anali mnyamata wobweretsa zachilendo. Nanga madiredi mukuwalirawa? M'nthawi ya Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Zinayamba kumasuka itadutsa riferendamu ya 1993, ndipo ngakhale apo makolo ambiri ankati mwana akasunga madiredi ndiye kuti wayamba chamba. Lero anthu omwewo akukwiya kuti munthu wameta.

Malume anayankha kuti zimenezo n'zosiyana. Kusiyana kwake sanafotokoze, anangoitanitsa tsabola.

Ine chomwe chinanditsegula maso ndi mwana wa achemwali uja. Ndinkayesa kuti iye ndiye wasangalala, poti ndinamuona kutsogolo akujambula. Nditamufunsa anakwinya mphuno. "Malume, akukakamiza. Amapiano eniake timawamvera pafoni tsiku ndi tsiku. Awawa akungotengera, komanso mavinidwe aja ndi a chaka chatha." Ndiye wajambuliranji? Akuti akaike pa TikTok anzake akaseke jekete ija.

Pamenepo ndi pomwe ndinaimvera chisoni bandi ija. Akale yawakhumudwitsa, atsopano sinawakope. Mapanga awiri avumbwitsa. Kusintha pakokha si mlandu ayi. Patience Namadingo tinamudziwa ndi nyimbo zauzimu, anasintha, ena anang'ung'udza, koma anapita ndi luso lake lonse kumene anapitako. Ndipo mu 2020 atakhala pansi ndi Giddes Chalamanda, nkhalamba ya zaka 90, n'kuimba naye nyimbo zake zakale m'kamvekedwe katsopano, achinyamata omwewa ndi amene anazifalitsa pa TikTok mpaka kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo mawu a agogowo ndi nthano za m'nyimbo zawo sizinakhudzidwe. Bandi ya lero yataya chinthu chomwe tinkaikondera, ndipo si madiredi. Ndi ndime zitalizitali zija, zokamba za mwana wamasiye wolandidwa munda, za mlimi wogulitsa chimanga motchipa pokolola n'kukachigulanso modula mu Januwale. Nyimbo zatsopanozi zili ndi mizere inayi yobwerezabwereza, yongokwanira kakanema kapafoni.

Shoo itatha ndinazungulira kuseri komwe amapakira zida. Wa bezi gitala ndinaphunzira naye pulayimale, ndiye tinapatsana moni wa anthu odziwana. Sindinafune kumufunsa zambiri, koma anayamba yekha. Anati, "Achimwene, mwationa tachepa eti?" Kale ulendo umodzi unkafuna minibasi ya anthu ndi lole ya zida, aliyense adye, agone, alandire kangachepe. Mafuta akwera, malo ochitira shoo akwera. Makaseti ndi ma CD, zomwe kale zinkabweretsa ndalama ngakhale bandi ili pakhomo, zinatha. Nyimbo ikatuluka lero, mawa ili kale kwa anyamata obena m'misika, akuithira m'mamemori khadi pamodzi ndi mazana ena, woimba osaonapo tambala. Ndalama za ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, zimabwera, koma si zoti bandi yonse ingadalire mwezi ndi mwezi. Otsala ndi a maukwati ndi makampani, ndipo amenewo akamaitana bandi amafunsa ngati ili ndi nyimbo yomwe ikuvinidwa panopa. Anamaliza ndi funso lomwe linandilasa: mwa anthu amakuwiza aja, ndi angati anagulapo nyimbo yathu chitherereni makaseti?

Funsolo ndinalipereka kwa malume tili m'njira. Anati iwo anagula makaseti asanu ndi ndalama za thukuta lawo, ngongole yawo inathera pomwepo. Mtsikana uja anawakumbutsa kuti nyimbo zonse zili m'foni mwawo anawathirira ndi iyeyo, ulere. Malume anati mwana wa masiku ano alibe ulemu. Anakangana mpaka pa siteji, ine ndikungomvera.

Sindikuwaweruza malume. Munthu akamakuwiza pa shoo yotere sakulira ng'oma zokha. Nyimbo ija anavina pa ukwati wawo, azakhali akadali moyo, ndipo lero aimva itadulidwa ndime yomwe ankaikonda. Koma nawonso oyimba si zithunzi zopachika pakhoma kuti azikhala momwe tinawasiyira. Ali ndi ana a fizi. Chomwe ndikanawapempha n'chimodzi: nyimbo zakale aziimba momwe zilili, wa ng'oma azitsogolera osati laputopu, zatsopanozo aziyesa pambali mpaka zitapsa. Anthu a pa Ntcheu, amene Seputembala aliyense timakhamukira ku Nkolimbo ku Umhlangano titavala zikopa uku mafoni ali m'manja, zakale ndi zatsopano pamalo amodzi sizitivuta.

Usiku uno kakanema ka jekete kaja kafika kale m'gulu la WhatsApp la kumpingo, ndipo mkangano wayambiranso kumeneko. Mawa bandiyi akuti ikuimba ku Dedza. Wa bezi uja wati akambirana zobwezeretsa nyimbo ziwiri zakale momwe zinalili, koma za tsitsi lagolide mtsogoleri wawo sakufuna kumva chilichonse.