Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: makapasita a pa fakitale ija

Zikomo nonse amene mwandikumbutsa kuti tinalekezera pomwe ndinayamba ntchito pa fakitale yoyenga mafuta a soya ku Kasungu. Inu achimwene amene munalemba kuti ndinali elekitirishani wa pansi pa mtengo, lero ndi lanu.

Abwana a pa fakitalepo atagula ma drive osinthira liwiro la mota, thiransifoma inayamba kutentha n'kumalira ngati njuchi. Usiku wina mu Okutobala makapasita, zida zosunga magetsi kwa kanthawi zimene zimawongolera power factor (muyeso wa mmene magetsi akugwirira bwino ntchito), anaphulika. Fungo lake ndimalimvabe. M'mawa anandiitana pamaso pa anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira pulayazi. "Bambo, mwatiwotchera katundu. Siyani makiyi." Palibe anadzutsa mutu. Amayi a ana sindinawauze mpaka tsiku lachitatu. Ndinkadzuka, kusamba, kunyamula chikwama, n'kukakhala pa depoti mpaka dzuwa kupendeka. Musandiweruze, mwana wathu wachiwiri anali ndi milungu itatu.

Zaka zinayi zinathera m'minda ya fodya, kukonza mapampu.

Chimene chinapha makapasita ndinadzachidziwa mochedwa. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, koma drive ya mtundu wa six-pulse sikoka karenti mosalala, imachita kujompha. Kujomphako kumabala ma harmonic, zinyalala za mu karenti zothamanga kuposa 50 Hz, makamaka za 250 Hz ndi 350 Hz. Makapasita ndi thiransifoma akagwirizana pafupi ndi 250 Hz, karenti ameneyu amakula mpaka kuwotcha. Mawaya anga analibe mlandu.

Mankhwala ake ndi active filter. Imayeza karenti ndi ma CT, tizida toyezera tovekedwa pa mawaya, n'kulavula karenti wofanana ndi zinyalalazo koma wotsutsana nazo, zonse n'kufafanizika. Nkhani yagona pa mmene imawerengera. Njira ya p-q, imene Hirofumi Akagi ndi anzake anaitulutsa mu 1983, imachulukitsa voteji ndi karenti, ndiye voteji ikakhala yopindika, yankho nalonso limapindika. Ine ndimakonda njira ya d-q, imene imatsata 50 Hz ndi PLL, chida chotsata kagundidwe ka magetsi, n'kuona zotsalazo ngati zinyalala.

Fakitale itagula filter, abwana omwewo anandiimbira, ati yawo ikuwonjezera vuto m'malo mochepetsa. Ndinapita. Ma CT anawaveka chadodolido. Ndinawatembenuza, thiransifoma inachepetsa kulira. Pepani sanandipatse, anangofunsa kuti ndi zingati. Ndinatchula mtengo umene ndinauwerengera pa depoti paja.