Mmene ndinayendera kukhoti kuti bambo a mwana wanga azithandiza ngakhale sitinakwatirane

Anthu ambiri amaganiza kuti ngati simunamange banja ndiye basi mwana ndi wa mayi yekha, bamboyo akatumiza kenakake ndi chifundo chake. Ayi ndithu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati kulera mwana ndi udindo wa makolo onse awiri, ndipo pangano la mayiko a mu Africa la 1990 linachita kunena mosapsatira kuti mwana asamanidwe chithandizo kaamba koti makolo ake sali pabanja. Zimenezi ndi zomwe zinandilimbitsa mtima.

Tinayamba ndi kukambirana pamaso pa a social welfare, bambo a mwana wanga anavomera zonse pakamwa koma miyezi inkangodutsa kulibe chobwera, foni akuona kuti ndine sakuyankha, ndiye ndinapita kukhoti kukasuma. Kalaliki anandilembetsa dandaulo, dzina la bamboyo, komwe amakhala ndi komwe amagwira ntchito, chifukwa samani iyenera kumufika m'manja, ikapanda kumupeza mlandu umangoimitsidwa.

Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi mapepala, amayi anzanga chonde musamataye malisiti. Ine ndinali ndi envelopu yakhaki momwe ndinkasunga kalata ya kubadwa kwa mwana, kabuku kake ka kuchipatala, malisiti a fizi, a mankhwala, a nsapato, ena atafufutika inki koma deti likuoneka, kuphatikizapo mamesegi a pa WhatsApp omwe iye mwini ankalemba kuti "mwana wathu ali bwanji" omwe ndinakachita print. Ndinalembanso papepala zomwe mwana amafuna pamwezi, chilichonse ndi mtengo wake, osawonjezera bodza chifukwa majisitireti amafunsa chimodzichimodzi.

Tsiku la mlandu anafika ndikukana kuti mwana si wake, mtima unandiwawa kumva choncho pagulu koma khoti linati tikayezetse DNA. Sizopweteka, amangopukuta mkati mwa tsaya ndi kathonje, kwa mwana ndi kwa bambo. Mwana amatenga theka la DNA kwa mayi theka kwa bambo, ndiye akakhala wake zotsatira zimapitirira 99 peresenti. Zitatuluka nkhani yokana inathera pomwepo.

Kenako anatifunsa zomwe aliyense amapeza, iye anauzidwa kubweretsa payslip, inenso ndinafotokoza za bizinesi yanga, paja khoti silisenzetsa munthu mmodzi katundu yense, aliyense amapereka molingana ndi mthumba mwake.

Apa ndi pomwe anasintha nkhani, akuti ngati ndizilipira ndiye mwana ndimutenge. A majisitireti anamuyankha bwinobwino kuti kusunga mwana ndi nkhani ina, ndalama ndi nkhani inanso, chomwe amayang'ana ndi ubwino wa mwanayo, wakhala akukhala ndi ndani, sukulu yake isokonekera kapena ayi, pakhomopo pali chitetezo, ndipo mwana wamkulupo amamufunsa maganizo ake. Mwana anatsala ndi ine, bambo ake anapatsidwa masiku omuona ndi kumutenga nthawi ya holide. Ndipo inenso anandichenjeza kuti ndalama zikachedwa ndisamubise mwana, ndibwere ndidzanene. Pamenepa ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse, mwana amawafuna bambo ake, mkwiyo wanga suyenera kumulanda zimenezo.

Ndinapempha kuti ndalama zizidutsa kubanki kapena pafoni, osati pamanja, kuti pazikhala umboni wa deti ndi kuchuluka kwake. Kope la chigamulo ndinatenga lodindidwa chidindo. Akasiya kulipira mumabwerera ku khoti lomwelo ndi pepalalo ndi sitetimenti ya kubanki, khoti limatha kulamula kuti azimudula pa salale, ndipo fizi ikakwera kapena iye ntchito ikamuthera aliyense mwa inu ali ndi ufulu wopempha kuti ndalamayo aiunikenso.